Khansa ya m'kholingo: opaleshoni yosunga mawu imadalira kufika msanga

Kuchokera pamene chipatala cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka chithandizo cha radiotherapy mu 2024, ndipo boma linatsegula chipatala cha khansa pa Kamuzu Central Hospital mu 2025, ambiri akuona ngati nkhani ya khansa yatsalira makina ootchera basi. Koma pa khansa ya m'kholingo yomwe yangoyamba kumene, opaleshoni ikadali ndi gawo lalikulu.

Khansayi ndi yosiyana ndi ya kummero, njira ya chakudya, yomwe ndi yofala kwambiri m'dziko muno. Iyi imagwira timinofu totulutsa mawu, makamaka mwa anthu osuta fodya ndi omwa mowa kwambiri, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi kusasa mawu kopitirira masabata atatu. Ikapezeka isanafalikire, odwala pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse amachira.

Njira yomwe madotolo ambiri amakonda ndi yodzera m'kamwa. Wodwala akagonekedwa, dotolo amalowetsa chipangizo choonera m'kholingo ndi kudula chotupacho ndi laser, osang'amba khosi. Njirayi inayamba ku Boston kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Wolfgang Steiner wa ku Göttingen anaipititsa patsogolo. Wodwala amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena patapita masiku ochepa, pomwe radiotherapy imafuna kuti adzionekera masiku asanu pa sabata kwa masabata pafupifupi 6. Kwa mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, kusiyana kumeneku ndi ndalama za thiransipoti, malo ogona ndi munda wosiyidwa. Komanso matendawa akabwerera, mwayi wa radiotherapy umakhala ulipobe, pomwe malo omwe anaotchedwa kale savomera kuotchedwa kachiwiri mosavuta. Chovuta chake n'chakuti mawu amatha kukhala osasa ngati dotolo wadula mozama.

Komwe kulibe laser, dotolo akhoza kutsegula khosi ndi kuchotsa gawo chabe la kholingo. Kuchira kumachedwerapo, ndipo wodwala amapumira kaye pa kachubu ka pakhosi, koma amalankhulabe. Za loboti yochitira opaleshoni, yomwe dziko la America linavomereza mu 2009, tingodutsapo: mtengo wake ndi wokwera zedi, ndipo imathandiza kwambiri pa zotupa za kumbuyo kwa lilime.

Njira zonsezi zimatsekeka chotupa chikakula. Nthawi zambiri chotsala chimakhala kuchotsa kholingo lonse, opaleshoni yomwe Theodor Billroth anayamba kuchita ku Vienna mu 1873, ndipo munthu amapumira pa bowo la pakhosi moyo wake wonse.

Choncho funso kwa okonza bajeti ya zaumoyo ndi lakuti munthu wosasa mawu amatenga nthawi yaitali bwanji asanaonedwe m'kholingo. Madotolo a makutu, mphuno ndi pakhosi ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth. Kuika zipangizo zoonera m'kholingo m'zipatala za m'maboma, ndi kuphunzitsa ma clinical officer kuzigwiritsa ntchito, kungadye ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi makina amodzi a radiotherapy.