Kalata yothokoza azakhali anga a ku Kachulu

Azakhali,

Ndikudziwa kuti mudzati nkhani imeneyi ikanatha ndi foni basi. Ndasankha kulemba poyera chifukwa ndikakuthokozani pamaso mumangoti palibe chimene mwachita, komanso chifukwa amayi oweta abakha amene akusowa chochita ndi mazira awo alipo ambiri kuno ku Zomba, ndipo si onse ali ndi azakhali onga inu.

Chitopa chitadutsa m'mudzi mwathu, nkhuku zinagwa khola ndi khola, n'kutsala abakha okha, poti matendawa sawapululutsa ngati mmene amachitira ndi nkhuku. Ambiri tinatembenukira kwa abakha athu aja a nkhope zofiira, osalira mokweza. Koma bakha wamkazi amaikira mazira oposa 10 asanayambe kufungatira, ndipo amakhala pa mazira masiku 35, pamene nkhuku imaswa pa masiku 21. Kuwalola onse kuti aswe ndi kudziitanira gulu la tiana timene madeya ake sungawakwanitse. Ndiye ndinkatola mazirawo, ndipo ukamatola iwo amapitiriza kuikira. Lichero linadzaza, kenaka beseni. Pamsika wogula ankatola dzira, n'kuliyesa m'dzanja kulemera kwake, n'kufunsa kuti, "A bakha?" Ndikavomera ankalibweza. Ena ankati amanunkha, ena ankati bakha ndi wauve, amadya za m'matope. Dzira lalikulu kuposa la nkhuku ndinkaligulitsa motsika mtengo, komabe ambiri ankabwerera nane kunyumba, ena n'kusukusa.

Inu mutabwera simunayambire kukhitchini, munayambira kukhola. Munati fungo limene anthu amadandaula nthawi zambiri limachokera pamene dzira lagonera. Bakha amaikira usiku kapena m'mamawa, ndipo ukamutsekulira kusanache amakaikira kudambo, pa nthaka yonyowa yodzaza zitosi. Munandiuza kuti ndiziwasunga m'khola mpaka dzuwa litakwera, ndiyale pansi mankhusu a mpunga ouma, ndizitola mazira tsiku lililonse. Munandiletsa kuwatsuka ndikangotola, chifukwa chigoba chili ndi kansalu kopyapyala kosaoneka kamene kamatseka timabowo take, ndipo madzi akakachotsa majeremusi amalowa mosavuta. Lodetsedwa pang'ono ndilipukute ndi nsanza youma, ndidzalitsuke pa nthawi yophika. Lodetsedwa kwambiri kapena losweka lidyedwe tsiku lomwelo litapsa bwino. Munatenga pensulo ya mwana n'kulemba tsiku pa dzira lililonse, kenaka n'kuwasanja mumphika wadothi, nsonga yozondoka, pangodya yozizira ya nyumba. Amene ndinali kukayika nawo munawaponya m'ndowa ya madzi. Latsopano linamira n'kugona chammbali, lokhalitsako linaimirira, ndipo loyandama munati litayidwe, poti mpweya wa mkati umachuluka dzira likamakalamba. Ngakhale zinali choncho, simunaswere dzira lililonse molunjika mu ufa. Lililonse linkayamba laswedwa m'kapu payokha.

Chimene chinasintha zinthu pakhomo panga ndi mandasi. Munati pamene ndinkaika mazira a nkhuku atatu ndiziika a bakha awiri, mafuta ndichepetseko, chifukwa chikasu cha dzira la bakha ndi chachikulu ndiponso chamafuta ambiri. Ndikukumbukira mmene munakandira: munamenya mazirawo ndi shuga mpaka atachita thovu, munathiramo fulawa pang'onopang'ono, ndipo mtanda utayamba kulimba munawonjezera madzi ofunda ndi dzanja, kumati choyera cha dzira la bakha chili ndi madzi ochepa, ndiye mtanda umafuna kumwa. Mandasi aja anafufuma bwino, mkati mwake muli chikasu, ndipo tsiku lotsatira anali akadali ofewa. Tinapanganso chigumu cha ufa wa mgaiwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, mumphika, makala pansi ndi pachivundikiro. Chigumu changa chinkakonda kuyoyoka ndikachidula, koma cha tsiku limenelo chinagwirana. Lero anthu amene ankabweza mazira anga pamsika ndi omwewo amagula mandasi anga, ndipo wofunsa ndimamuuza mosabisa kuti muli mazira a bakha. Amayi awiri ophika zigumu ndi masikono ayamba kumadzatenga mazira kwa ine sabata iliyonse.

Ndiwo zake munandisonyezanso. Choyera cha dzira la bakha chimalimba msanga ngati mphira moto ukachuluka, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake ambiri amalawa kamodzi n'kulumbira. Inu munayamba mwakazinga anyezi ndi tomato mpaka zitachita msuzi wokhuthala, munachotsako nkhuni, n'kuthira mazira omenya, kumatakasa mwakachetechete mpaka atagwirana onse. Pa kupsako simunalole zachidule. Munati dzira la bakha lisadyedwe lamadzimadzi, ndipo lowiritsa likhale m'madzi obwadamuka mphindi zosachepera 12. Pamenepa mukugwirizana ndi a zaumoyo, amene amachenjeza za tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, makamaka kwa ana, amayi oyembekezera ndi okalamba.

Koma mandasi ndi ndiwo sizikanamaliza beseni lonse lija, ndipo apa ndithokozenso mwana wanu, msuweni wanga amene amagwira ntchito yophika ku Johannesburg. Mawu amene anakutumizirani pa WhatsApp ofotokoza mazira a mchere, amene anthu a ku China ndi ku Philippines akhala akudya kuyambira kalekale, inu simunawanyoze kuti ndi zachilendo. Munati munthu wa kunyanja amadziwa kale kuti mchere umasunga chakudya, ndiye tiyese. Tinawiritsa madzi n'kumathira mchere mpaka wina utakana kusungunuka, tinadikira kuti azizire, tinasanja mazira otsuka bwino ndi osang'aluka m'ndowa ya pulasitiki, n'kutsindira ndi mbale kuti onse amire, poti m'madzi a mchere wochuluka chotero mazira amayandama. Pakati pa sabata yachitatu ndi yachinayi ndinawiritsa limodzi n'kulidula pakati. Chikasu chake chinali chitalimba, chafiirira, chikutuluka timafuta. Choyera chake chinali chowawa mchere moti sungachidye pachokha, koma nditachiduladula mu nkhwani zosathira mchere, banja lonse linadyera nsima dzira limodzi lomwelo. Anthu a ku Philippines amalidya ndi tomato wosaphika wodulidwa, ndipo tayesa, zimakoma. Apongozi anga, amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, sindiwapatsa amenewa, iwo ndimawakazingira atsopano. Mazira amene akanasukusa tsopano amadikira sabata imene ndiwo zasowa.

Pali china chimene chinandikhudza kuposa zonsezi. Mlamu wanga anali woyembekezera, ndipo achikulire anali atamuletsa mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Ana aang'ono nawonso ena amawamana pa zifukwa zonga zomwezo. Ine ndinkaopa kuyankhula poti ndine mtengwa. Inu munakhala pamphasa ndi achikulirewo, osawatsutsa mwamwano, n'kuwafotokozera za chaka cha 1995 pamene nyanja ya Chilwa inauma, mabwato atakhala pa matope ong'aluka, matemba ndi mlamba zitasowa. Munati chaka chimenecho mimba munali nayo, ndiwo zanu zinali mazira a abakha ndi masamba, ndipo mwana anabadwa ndi tsitsi lake lonse. Nyanja ija itaumanso mu 2018 ndi abakha omwewo amene anadyetsa zidzukulu zanu. Achikulire aja sanavomere ndi pakamwa, koma madzulo ake mlamu wanga anadya dzira lowiritsa iwo akuona, osanena kanthu.

Nkhani imeneyi ndimaitenga mozama. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kusikelo alangizi amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, ndipo gulu limene limasowa kwambiri m'mbale zathu ndi la zakudya zochokera ku nyama, chifukwa nyama ndi nsomba zimafuna ndalama. Ndiye zimandipweteka kuti pakhomo pamene mwana akudya phala lopanda kanthu, kuseri kwa nyumba mazira akuwola chifukwa choti ndi a bakha. Ndayamba kuswera dzira m'phala la mwana wanga likadali pamoto, kumatakasa mpaka lipse, monga munachitira inu. Ana a oyandikana nane akabwera Loweruka ndimawawiritsira, ndipo mayi wina amene poyamba ankakana wapempha abakha aakazi awiri kuti ayambe kuweta.

Zigoba nazo sinditaya. Ndimaziumitsa pamoto, n'kuzisinja, n'kuzisakaniza ndi madeya monga munanenera, ndipo mazira a zigoba zofewa amene abakha ankaikira asiya kuoneka.

Zikomo, azakhali, chifukwa cha ulendo wa pa msewu wa fumbi uja, chifukwa cha thumba la mankhusu limene munasenza, ndiponso chifukwa cholankhula pamene ine ndinalibe mawu. Ndalama za mandasi zalipira zofunika kusukulu teremu ino, ndipo ndayamba kuponya ku banki ya m'mudzi. Kumapeto kwa mwezi ndikubwera ndi ana. Ndikubweretserani bakha wamwamuna wa mtundu wina kuti magazi a m'khola mwanu asinthe, pamodzi ndi mazira a mchere a ndowa yachiwiri kuti mudzandiuze ngati mchere ndaukhoza. Mupereke moni kwa amalume ndi onse kumeneko.

Ine mwana wa mchimwene wanu,
wa ku Zomba