Mpeni wa m'bokosi la agogo

Amayi anzanga, mwezi wathawu ndinaitanidwa ku Kawale ndi mnzanga wakalekale amene apongozi ake aamuna anali atangoikidwa kumene. Potsegula bokosi lachitsulo limene malemuwo sankalola munthu kuligwira, abale anapezamo mpeni wopinda, wokulungidwa m'kansalu. Chigwiriro chake chinali chamtengo, pamtengopo pali kamwezi ndi tinyenyezi titatu tachitsulo, kumsana kuli kamphete. Alamu ake a mnzangayo atangoona mwezi ndi nyenyezizo anati n'chizimba, chiponyedwe m'chimbudzi usiku womwewo. Ena anayamba kunong'ona kuti mwina n'chimene chimadwalitsa ana pakhomopo, ndipo maso onse anali pa gogo wamkazi, amene misozi inali isanaume.

Tinapempha kuti ayambe adikira. Tinatenga kansalu ndi timafuta ta makina osokera n'kupukuta pang'onopang'ono m'munsi mwa chitsulo, pafupi ndi chigwiriro, pakuti apo ndi pamene mpeni umanenera kwawo. Panaoneka kanyama konga mbawala, dzina lakuti Okapi, ndi mawu akuti Germany.

Okapi ndi nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Mipeni ya dzinali inayamba kupangidwa mu 1902 mumzinda wa Solingen ku Germany, ndipo yambiri inkagulitsidwa kuno ku Africa. Mu 1988 ntchito yoipanga inasamukira ku South Africa, choncho wolembedwa Germany ndi wachaka chimenecho chisanafike. Mwezi ndi nyenyezi n'zokongoletsa za ku fakitale, ndipo kamphete kaja n'kokoka pofuna kuupinda. Abambo athu amene ankapita ku Joni pa Wenela ankabwera nayo pamodzi ndi mabulangete, ngakhale maulendowo anaimitsidwa kwa kanthawi ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70.

Titafotokoza zimenezi, gogo wamkazi analankhula koyamba tsiku lonselo: "Anagula pa ulendo wawo wachiwiri. Ine ndinali woyembekezera mwana yemweyu akuti tiutayeyu." Panalibe amene anawafunsa poyamba. Ifetu timafulumira kufunsa asing'anga, kusiya nkhalamba ili pamphasa pomwepo.

Mukapeza mpeni wachilendo m'katundu wa makolo, musathamangire kuukwecha ndi mchenga kapena phulusa monga tichitira ndi mapoto. Ukhondo wathuwu wafufuta mbiri yambiri. Pukutani ndi mafuta basi, kenaka mupite nawo padzuwa, mwana wasukulu akuwerengereni. Mukaona Sheffield, umenewo ngwa ku Mangalande. Nyenyezi ndi kamtanda pamodzi n'chizindikiro cha kampani ya Joseph Rodgers ya mumzinda womwewo. Mukaona Stainless, dziwani kuti si wakale kwambiri, chifukwa chitsulo chosachita dzimbiri anachitulukira ku Sheffield mu 1913. Kamuvi ka mizere itatu kamasonyeza katundu wa boma la Britain, ndipo pamenepo funsani ngati kubanjako kunali msilikali wa KAR, mwina mwa aja anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944.

Koma umene ine ndimaulemekeza koposa ndi wopanda chilembo chilichonse. Mukaona mabala a nyundo pachitsulo, mchira wake wolowetsedwa m'mtengo popanda misomali, mwina ndi m'chimake mwake mosemedwa, umenewo ungakhale wa pachipala cha osula akwathu. Kale makolo athu ankayenga okha chitsulo m'ng'anjo, ndipo zotsalira za ng'anjozo zilipo ku Kasungu ndi ku Nyika. Komabe chenjerani, chifukwa osula a masiku ano amasula mipeni yofanana nayo ndi zitsulo za galimoto. Wotere ndi bwino kukauonetsa kwa akatswiri a kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri mu Blantyre, osati kwa anyamata ogula zitsulo amene amazungulira mu Biwi ndi Area 23 ndi sikelo yawo. Iwo amaona kulemera kokha.

Ku Kawale kuja mpeni unabwerera m'kansalu kake, koma tsopano uli kumutu kwa mphasa ya gogo wamkazi. Ndamva kuti alamu aja anapita kukaupempha, ati ndi wa bambo awo. Gogo anawayankha kuti ayambe adikira.