Wobweza ngongole asamangidwe ndi mbiri yakale

Akonzi,

Amene analemba sabata yatha kuti aliyense wolembedwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data CRB, ndi wokana kubweza, sanafufuze. Alamu anga a ku Lirangwe anatenga ngongole ya feteleza, anabweza yonse atagulitsa nandolo, malisiti ali nawo. Chaka chino atakapempha ina yogulira malata, banki inawabweza, ati akadali ndi ngongole. Amene anawakongoza poyamba aja sanatumize ku mabungwewa uthenga woti anamaliza kubweza.

Lamulo la 2010 lokhudza mabungwewa silinabwere kudzatsekereza alimi. Reserve Bank ilamule okongoza kuti azikonzetsa mbiri ya munthu akangomaliza kubweza, ochedwetsa azilipira chindapusa. Mlimi wa ku Chileka asamathere ndalama m'minibasi kukadandaula m'tauni cholakwa cha ena.

Wowerenga wanu,
Lirangwe, Blantyre