Izeki ndi Jakobo akuseketsabe ku Kachulu

Padoko la Kachulu, mphepo ikavuta pa nyanja ya Chilwa, asodzi amaunjikana pa foni imodzi yong'aluka galasi n'kumaonera Izeki ndi Jakobo. Sewerolo analiloweza kale, ena amachita kumuyankhira Jakobo asanatsegule pakamwa, koma kuseka kwake n'komwe kuja. Eni akewo anatisiya: John Nyanga, Izeki, mu 2016, ndipo Eric Mabedi, Jakobo, mu 2021. Mnyamata woika masewero mu memore khadi pa Jali amalandirapo kangachepe, pomwe ndalama ya eni luso ilibe njira yobwererera.

Zandalamazo tidzakamba tsiku lina. Chondidetsa nkhawa lero n'chakuti luso limene tikuseka nalo pafonipo silinaphunziridwe pa kamera. Awiriwa anakhwimira pa siteji ndi gulu la Kwathu, pamaso pa anthu olipira pakhomo, oti nthabwala ikazizira amayamba kung'ung'udza pomwepo. Kumeneko munthu amaphunzira kuponya mawu mpaka kumpando wakumbuyo, kudikira kuti kuseka kutsike asanaponye ina, ndi kudzipulumutsa mnzake akaiwala mawu. Kamera imakulola kubwereza kakhumi. Holo yodzaza ilibe chisoni chotero.

Anzathu a ku America sanataye sukulu imeneyi. Ku Broadway, mumzinda wa New York, wazisudzo amaimba, kuvina ndi kusewera kasanu n'katatu pa sabata, ndipo opanga mafilimu amakasankha anthu komweko. Ariana DeBose anali mmodzi mwa ovina akumbuyo mu sewero la Hamilton mu 2015. Pofika 2022 anali atanyamula Oscar chifukwa cha filimu ya West Side Story. Hamilton yemweyo anamujambula pa siteji, Disney n'kumugula ndi madola 75 miliyoni.

Kwathu kuno siteji ndi kanema zinangophonyana. Du Chisiza Jr, amene anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, anamwalira mu February 1999, ndipo Television Malawi inatsegulidwa mu April chaka chomwecho. Gertrude Kamkwatira, wochokera m'manja mwa Du, anayendetsa gulu la Wanna-Do mpaka imfa inamutenga mu 2006. Amene kanema anamukomera kwambiri ndi Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, yemwe mu 2024 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Imeneyo ndi siteji ya mtundu wina, ndiisiye. Woimba Lily Banda naye anaonetsa kuti mawu ndi sewero zimayendera limodzi pomwe anasewera mlongo wake wa William, mwini nkhani, mu filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind mu 2019.

Nanga otsatira achokera kuti? French Cultural Centre ku Blantyre, komwe magulu ankapikisana Loweruka ndi Lamlungu, inatha zaka ikudikira kukonzedwa Afalansa atachoka. Achinyamata akuyambira pa TikTok, kumphindi imodzi. Ena ali ndi mphatso ndithu, koma apatseni holo kwa maola awiri muone thukuta.

Chowawa n'chakuti sewero la nyimbo si lachilendo kwa ife. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linkatuluka mu Zomba n'kukasewera m'midzi, pabwalo, ndi ng'oma, anthu akuyankha nyimbo ndi kulowerera pa mlandu wa m'seweromo. Kwa Mwambo kuno oimba sasowa: kwaya za m'mipingo zimatha kusandutsa nkhani ya mwana wolowerera kukhala sewero lathunthu, kuvina ndi misozi yomwe, popanda wolemba kalikonse papepala.

Kuchokera ku koleji kukafika pa Jali ndi ulendo wa m'mawa umodzi. Ophunzira zisudzo atsike tsiku la msika, asewere pakati pa ogulitsa matemba ndi mpunga, atengepo ana a kwaya awiri atatu. Wojambula abwere pambuyo, ndipo mayina a osewera ndi gawo lawo la ndalama zilembedwe asanayatse kamera.