Olera ana olakwira malamulo aphunzire chiyani?

Mu 2018 bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre lidalamula kuti ana amene ankasungidwa kundende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 silifuna kuti mwana akhale m'ndende. Kwake ndi kumalo osinthirako khalidwe monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba, omwe ali m'manja mwa unduna woona za chisamaliro cha anthu. Kusamutsa mwana ndi nkhani ya galimoto ndi mafuta. Chovuta n'chakuti amene akukamulandira kumeneko adaphunzira chiyani, ndipo kodi lamulo limukakamize kukhala ndi maphunziro apadera?

Amene akufuna kuti maphunzirowa akhale okakamiza amayambira pa msinkhu. M'dziko muno mwana akhoza kuyankha mlandu kuyambira zaka 10, ndipo chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wa zaka 11 wolira amake usiku ndi wa zaka 17 amene wakulira m'misewu sangalankhulidwe mofanana.

Taganizani za mnyamata amene wakodza pogona. Anzake amuseka kutacha, ndipo pamzere wa phala wamenya mmodzi wa iwo ndi mbale. Wantchito wosaphunzitsidwa amangoona mwano, n'kuthyola mkwapulo kapena kumumana nsima ya masana. Wophunzitsidwa amayamba waleretsa ndewu, kumutengera mwanayo pambali, kufunsa za usikuwo, kenaka n'kulemba kuti wa zaumoyo amuone, chifukwa amadziwa kuti nthawi zina kukodza pogona pa msinkhu wotere kumabwera ndi mantha kapena nkhanza zimene mwana adakumana nazo. Kusiyana kwa anthu awiriwa si mtima wokha ayi. Winayo adauzidwa choyang'ana.

Mfundo za bungwe la United Nations zoteteza ana osungidwa, zotchedwa Havana Rules, za mu 1990, zimanena kuti ogwira ntchito m'malo otere aphunzire kaganizidwe ka ana, chisamaliro chawo ndi ufulu wawo. Zimaletsa kumenya, kutsekera mwana m'chipinda cha mdima, kumuchepetsera chakudya ngati chilango komanso kunyamula zida. Apa m'pamene msilikali wa ndende wophunzitsidwa kusukulu ya Mapanga amasiyana ndi wolera ana. Perete, chipikisheni ndi kulondera kuti mkaidi asathawe ndi luso lofunika kundende ya akuluakulu, koma silikwanira kwa mwana amene akuyenera kubwerera kusukulu ndi kwa makolo ake.

Komabe a mbali inayo ali ndi mfundo zosati n'kuzikankhira kumbali. Yoyamba ndi ndalama. Pamalo pamene ufa, sopo ndi mabulangete zikuperewera, mkulu wa pamalopo adzagula kaye chimanga, ndipo palibe angamunene. Yachiwiri ndi yakuti maphunziro ambiri amene timawadziwa ndi a masiku ochepa kuhotela, kopita mabwana okalandira alawansi, pamene wophika, mlonda ndi mlangizi wa ukalipentala, omwe amaswera ndi anawo, amatsala. Yachitatu, wantchito akaphunzira bwino, mabungwe omwe si aboma amamukopa ndi malipiro abwinopo. Ndiye lamulo likati aliyense akhale ndi digiri, mipando idzangokhala yopanda anthu, ndipo munthu mmodzi wotsala ndi chigulu cha anyamata usiku wonse amafulumira kugwira ndodo ngakhale ataphunzira chotani. Enanso amati satifiketi sipatsa munthu chifundo: mayi amene walera ana ake ndi a abale ake amadziwa kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zonsezi n'zoona, koma tikazisanthula zikudzudzula mtundu wa maphunziro, osati kufunika kwake. Chifundo sichiuza munthu kuti lamulo likuti chiyani mwana akathawa, kapena kuti akanene kwa yani mwana akaulula kuti wamkulu wina amamugwiririra. Namwino wamtima wabwino timamufunabe kuti apite kusukulu asanagwire jakisoni.

Njira yapakati ilipo. Digiri isakhale chofunika kwa aliyense, koma pakhale mlingo wochepetsetsa umene wantchito aliyense, kuphatikizapo mlonda ndi wophika, audutse asanasiyidwe yekha ndi ana: lamulo la 2010, kuleretsa ndewu popanda kumenya, kuzindikira mwana wovutika maganizo, chithandizo choyamba ndi njira yokanenera nkhanza. Maphunzirowa azichitikira pamalo pomwepo ndi kubwerezedwa chaka ndi chaka, motero mtengo wake utsika. Koleji ya Magomero, yomwe imaphunzitsa kale alangizi a chisamaliro cha anthu, ikhoza kutsogolera ntchitoyi, ndipo bungwe lounika milandu ya ana la Child Case Review Board lizifunsa umboni wake likamayendera malowa.

Boma likatenga mwana m'manja mwa makolo, lasenza udindo wa makolowo. Unduna ndi aphungu aike mlingowu m'malamulo, aupatse ndalama zake mu bajeti, ndipo alembe antchito okwanira kuti zophunzirazo zitheke kugwiritsidwa ntchito.