Mkuwa ndi wathu, nanga tilekerenji kulumikiza waya?

Tsegulani chaja yakufa, tochi kapena wailesi yakale muone m'kati. Timizere tomwe tayenda pa kabolodi kobiriwirako ndi mkuwa, chuma chomwe timakumba ku Solwezi, Chingola ndi Mufulira. Mu Africa muno, dziko lokumba mkuwa wambiri kuposa Zambia ndi Congo yokha. Mkuwawo umachoka pa mathiraki, n'kubwerera uli m'kati mwa katundu amene timagula modula. Koma waya umodzi ukathothoka, ambiri a ife timangoti "yafa" n'kuponya ku dzala. Ine ndikuti wachinyamata aliyense wa m'tauni, mnyamata kapena mtsikana, aphunzire kulumikiza mawaya ndi solder, ndipo aphunzire njira yake yeniyeni.

Kumbukirani 2024. Chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, ndipo malaiti anali kupita maola oposa 12 pa tsiku. Pafupifupi nyumba iliyonse ya m'komboni inagula nyale ya sola, babu yochajinga kapena kafani ka batire. Pano zambiri mwa zinthuzo zili pansi pa bedi. Kawirikawiri chomwe chavuta ndi chaching'ono: waya wa ku batire waduka, switch yalekana ndi bolodi, kapena polowetsa chaja pagwedera. Ntchito ya mphindi khumi imatitayitsa ndalama ya ndiwo za sabata yonse.

Ntchitoyi ndi yosiyana ndi ya aja owotcherera mageti ku Kalingalinga. Iwo amasungunula zitsulo zenizenizo kuti zigwirane. Kuno chosungunuka ndi solder chabe, kawaya kofewa kosakaniza tini ndi mtovu. Yokhala ndi magawo 63 a tini ndi 37 a mtovu imasungunuka pa madigiri 183. M'kati mwa kawayako muli flux, mankhwala ochotsa dzimbiri pa mkuwa kuti solder igwire. Poyambira, soldering iron ya mawati 30 kapena 40 ndi yokwanira.

Oyamba kumene ambiri amalakwa malo amodzi. Amasungunulira solder pa nsonga ya iron, kenako n'kuinyamula ngati phala kukapaka pa waya. Pofika pamenepo flux yapsa kale, mkuwa ukali wozizira, ndipo solder imangokhala pamwamba osagwira. Lero chinthu chiyaka, mawa chizima, ndipo mwini wake adzakutchulani wakuba. Lamulo lake ndi ili: tenthetsani polumikizapo, osati solder. Pukutani nsonga pa siponji yonyowa, ipakeni solder pang'ono kuti inyezimire. Igunditseni mwendo wa kachipangizo ndi mkuwa wa pa bolodi nthawi imodzi, muwerenge kawiri. Bweretsani solder mbali inayo kuti isungunuke ndi kutentha kwa mkuwawo. Ikayenderera, chotsani solder poyamba, iron pambuyo. Musauzire mpweya, musagwedeze. Polumikiza pabwino pamaoneka ngati kachulu kosalala. Pakaoneka ngati kampira, bwerezani. Zonsezi zimatenga masekondi osaposa asanu, koma kuti dzanja lizolowere pafunika masabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musayambire pa foni ya amayi anu. Pezani bolodi ya wailesi yakufa, muzichotsa tizipangizo ndi kubwezera mpaka dzanja lileke kunjenjemera. Mukatero pangani kanyale kanu: batire ya mavoti 9, LED yofiira imodzi, resistor ya ma ohm 470 ndi switch. Mwendo wautali wa LED upite ku mbali ya plus. Resistor musaiwale, chifukwa popanda iyo LED imapsa nthawi yomweyo. Kanyaleko ndi kachabechabe, koma kakuphunzitsani kuti magetsi ali ndi njira yake, ndipo mukadziwa njirayo mumadziwanso pofunafuna vuto. Za mavoti 230 a pa khoma, za m'kati mwa TV ndi microwave, zisiyeni mpaka mutaphunzitsidwa, popeza zina zimasunga magetsi ngakhale zitazulidwa. Batire ya lithium nayo musaitenthetse ndi iron, imatha kuyaka moto.

Ena anena kuti izi ndi zachikale. Mafoni a masiku ano ali ndi tizipangizo tating'ono ngati mchenga, tofuna maikulosikopu ndi makina a mpweya wotentha, ndipo tochi yatsopano siidula kwenikweni. Enanso ati wachinyamata wanzeru aphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta. Pa za mafoni akunena zoona: iron ya mawati 30 siingakonze bolodi ya smartphone. Koma amene amakonza mafoni ku Town Centre sanabadwe ndi maikulosikopu, anayambira pa waya ndi switch. Ndipo kunja kwa mafoni kuli zinthu zambirimbiri za mawaya akuluakulu: masipika a m'mabasi ndi m'matchalitchi, makina ometera, zingwe za maikolofoni, nyale za sola. Wometa amene makina ake afa Loweruka m'mawa safuna wodziwa Python, afuna wodziwa kulumikiza waya pompo. Ngakhale wolemba mapulogalamuyo, tsiku lomwe adzafune kuti Arduino iyatse pampu ya m'dimba, adzagwira iron.

Chodetsa nkhawa chenicheni ndi mtovu, ndipo ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa ndi alendo. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo amapezeka ndi mtovu m'magazi, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana. Choncho solder musailume ndi mano, musadye vitumbuwa muli pa ntchito, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo. Tinyenyeswa take musatisese pabwalo pomwe makanda amakwawa, tisungeni m'kabotolo. Mabolodi akale musawatenthe pa moto pofuna mkuwa. Utsi womwe umatuluka pogwira ntchito ndi wa flux, ndipo umapweteka chifuwa, ndiye khalani pa windo kapena pakhonde. Ngati mungathe, gulani solder yopanda mtovu; imasungunuka pa madigiri pafupifupi 217 ndipo imavutirapo pang'ono, koma m'nyumba ya ana ndi yabwino. Kuopa mtovu kutiphunzitse ukhondo, kusatilepheretse kuphunzira.

Wofuna pepala apite ku makoleji olembetsedwa ndi TEVETA, ndipo afunse ku khonsolo za thandizo la CDF la maphunziro a luso. Koma musadikire fomu kuti muyambe. Pezani wokonza mawailesi wa m'dera lanu, mupatseni ulemu, mupemphe kukhala pambali pake Loweruka. Safunsa anadya phula. Ndipo inu akuluakulu odziwa ntchitoyi, mtsikana akabwera kudzafunsa, musamutume kukagula madzi, mupatseni iron agwire. Kugulani iron imodzi anthu atatu ngati ndalama yavuta, sonkhanitsani nyale zakufa za pa layini yanu, muone kuti ndi zingati zomwe zingayakenso mwezi uno usanathe.