Cikwapu siciphunzitsa mwana kuyandama

Mvula ikangoyamba mu November, ife amene timathandizako pa wailesi ya m'dela timadziwilatu mauthenga amene adzayamba kufika. Pakati pa zilengezo za mbeu na feteleza pamabwela kapepala kolembedwa mofulumila: mwana wamila m'dzenje loumbilamo njelwa, malilo ali pa nyumba ya auje. Timawelenga, timapepesa, kenako timaika nyimbo. Tikatsegula mafoni, ambili amakamba cimodzi-modzi: "Makolo aziletsa ana kupita kumadzi."

Lamulo limeneli tonse tinakula nalo, ndipo tikambe zoona, sitinali kulisunga. Tinali kuzemba masana, kuvula pa mwala na kujumphila m'madzi, ndiyeno pobwelela tinali kudzola malovu m'miyendo kuti amayi asaone kutuwa. Ana a lelo nawonso amacita zimenezi, kaya ni ku Lutembwe ku Chipata, ku damu ya Ngwenya ku Misisi, kapena m'maenje a miyala a ku Kanyama. Coipa kwambili n'cakuti mwana amene amaopa cikwapu, mnzake akamila, amathawila kunyumba na kukhala cete. Pamene akulu adzadziwa, dzuwa lalowa kale.

Ndiye cifukwa cake tikamba kuti kuletsa cabe sikukwanila. Mwana afunika kuphunzila kunyaya, ndipo kholo lifunika kuthandizidwa kuti limuphunzitse. Bungwe la WHO linawelengela kuti mu 2021 anthu pafupi-fupi 300,000 anafa na kumila padziko lonse, ndipo ana ang'ono ni amene ali pa ngozi yaikulu. Caka cimeneco United Nations inasankha 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumila. Pa njila zimene WHO imalimbikitsa, imodzi ni kuphunzitsa ana a msinkhu wa sukulu kunyaya na kudzisamala pa madzi.

Tidziwa zimene ena adzayankha. Adzati maiwe osambilamo ali kumahotela na kumasukulu a anthu a ndalama. N'zoona. Koma ku Bangladesh, dziko la anthu osauka ngati ife, pulogilamu ya SwimSafe imaphunzitsa ana m'madamu a m'midzi mwawo. Amamanga mpanda wa nsungwi pa malo osazama, ndipo acinyamata a m'mudzi momwemo, amene anaphunzitsidwa, ndiwo amaphunzitsa. Mwana amapambana akakwanitsa kunyaya mamita 25 na kukhala pamwamba pa madzi masekondi 30. Nsungwi tili nazo, ndipo anyamata na atsikana odziwa madzi tili nawo.

Ena adzati nanga ng'ona, mvuu na likodzo? Apa sitikangana. Palibe munthu wanzelu amene angatengele ana ku Luangwa kuti akaphunzile kunyaya. Malo afunika kusankhidwa na anthu owadziwa: amfumu, asodzi, na a ku kiliniki amene adziwa madzi amene amadwalitsa ana likodzo. Madzi akhale osathamanga, ofika m'ciuno mwa mwana, ndipo munthu wamkulu ayambe wayendamo kufufuza maenje, matope na mabotolo osweka. Nthawi yabwino ni ya kutentha, September na October, mitsinje isanadzale. Ngati kudela kwanu kulibe malo otelo, musakakamize.

Cina cimene timabisa ni manyazi. Makolo ambili sitidziwa kunyaya, maka-maka azimayi, amene ali atsikana anali kuuzidwa kuti kumtsinje ni kocapila cabe. Koma osadziwa kunyaya angathe kuyambitsa phunzilo kunyumba. Thilani madzi m'beseni, mwana agwile mpweya, aviike nkhope, atulutse mpweya na mphuno mpaka madzi acite thovu, inu muli pambali pake. Mwana amene sacita mantha madzi akamukhudza kumaso wayamba kale kuphunzila. Zotsala zifuna munthu wodziwa: kugona cagada pa madzi dzanja la mkulu lili kumsana, kupalasa miyendo atagwila nsungwi, kenako kuyenda pang'ono-pang'ono yekha. Yambani na ana a zaka 6 kupita pamwamba, ocepa pa nthawi imodzi, ndipo kholo limodzi liimilile pamtunda, nchito yake kuwelenga mitu cabe, foni ili m'thumba. Munthu womila kambili safuula. Amangokweza cibwano, kenako osaonekanso. Ndipo mwambo uja woponya mwana pakuya kuti "adzadziwila komweko" tiusiye, cifukwa umaphunzitsa mantha.

Mwana aphunzilenso kupulumutsa mnzake popanda kulowa m'madzi. Womila amagwila mwamphamvu aliyense womuyandikila, n'cifukwa cake nthawi zina banja limodzi limaika malilo awili tsiku limodzi. Afuule kuitana akulu, agone pansi m'mbali na kutambasula nsungwi kapena citenge, kapena aponye cigubu copanda kanthu cotseka bwino. Ndipo ife makolo timulonjeze kuti akabwela kudzakamba za ngozi, sitidzamumenya. Akulufe tiphunzile thandizo loyamba, monga limene a Red Cross amaphunzitsa, kuti tidziwe kupumila mpweya munthu amene wavuulidwa m'malo momuzondotsa. Aliyense wovuulidwa apelekedwe kucipatala, olo aoneke kuti ali bwino.

Tiana tosakwana zaka 5 tifuna cina: maso na civinikilo. Kamwana kokwawa kangamile mu baketi ya madzi ocapila pamene amayi apita kukayanika zovala. Tivinikile zitsime na madilamu, titaye madzi tikatsiliza kucapa, ndipo tisasiyile mwana wa zaka 8 udindo woyang'anila khanda pafupi na madzi.

Pali zina zimene banja palokha silingakwanitse. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse. Pa misonkhano ya Ward Development Committee tingapemphe kuti maenje a miyala achingidwe na mpanda, komanso kuti acinyamata angapo aphunzitsidwe kukhala aphunzitsi a kunyaya. Masukulu amene ali na maiwe tingawapemphe tsiku limodzi pa mwezi la ana a m'komboni. Oumba njelwa nawonso azikwilila maenje awo akatsiliza.

Kudziwa kunyaya sikupangitsa mwana kukhala nsomba. Mtsinje wodzala umatenga ngakhale asodzi, ndipo ana afunika kuuzidwa zimenezi mobweleza-bweleza. Koma mwana amene watelela m'dzenje, akadziwa kugona cagada na kupuma, amapatsa akulu nthawi yofika. Mwana wa mnzako ni wako yemwe. Pa msonkhano wa makolo wotsatila, kusukulu kapena kuchalichi, wina aimilile na kufunsa: ndani pano adziwa kunyaya, ndipo angatithandize Ciwelu citi?